Kulumikiza printa ya pa netiweki ku kompyuta yakale ya pakhomo

Foni yanu yaiona printa yatsopano nthawi yomweyo. Laputopu ya mwana wanu yatulutsa kale mapepala atatu. Koma kompyuta ya patebulo ija, yomwe yasunga makalata ndi zithunzi za banja kwa zaka zoposa khumi, ikungofufuza, kufufuza, mapeto ake n'kunena kuti sinapeze printa iliyonse. Apa m'pamene ambiri amatayira mtima n'kuyamba kumanyamula mafayilo pa flashi kupita nawo pa makina ena nthawi iliyonse akafuna kusindikiza. Ena amangoikankhira pakona kompyutayo, ati yatha ntchito.

Sinathe ntchito ayi. Chomwe chakalamba ndi kafufuzidwe kake. Makina a masiku ano amaitanizana okha pa netiweki kudzera m'njira monga AirPrint, yomwe Apple inabweretsa mu 2010, pomwe Windows XP ya mu 2001 njira zimenezi siizidziwa n'komwe. Komabe pali chinthu chimodzi chomwe kompyuta yakale ndi printa yatsopano zimamvana bwinobwino, ndicho adiresi ya manambala. Malangizo onsewa aima pamenepo. Musaisiye kompyuta kuti ifufuze yokha. Ipatseni printa adiresi yosasintha, ndipo kompyutayo muilembere adiresiyo ndi manja anu.

Ndilongosola za Windows 7 ndi XP. Vista imayenda pafupifupi ngati 7, ndipo pa 8.1 ndi 10 mawindo omwewo mumawapeza mukalowera ku Control Panel.

Yambani mwaidziwa kompyuta yanu

Dinani Start, ikani mausi pa Computer, kapena My Computer ngati ndi XP, dinani batani lakumanja n'kusankha Properties. Tengani pepala ndi cholembera, mulembe zinthu ziwiri: dzina la Windows pamodzi ndi Service Pack yake, komanso zomwe zili pamzere wa System type, kaya ndi 32-bit kapena 64-bit. Pa XP mzere umenewu palibe. Ngati simukuona mawu akuti x64 Edition, ndiye kuti yanuyo ndi ya 32-bit. Driver, pulogalamu yothandiza kompyuta kulankhula ndi printa, ikakhala ya 64-bit silowa pa Windows ya 32-bit ngakhale mutayesa kangati, choncho kapepalaka kakupulumutsani ku ntchito yobwereza.

Windows 7 imafunika kukhala ndi Service Pack 1 ya mu 2011, XP ya 32-bit ikhale ndi Service Pack 3 ya mu 2008. Madriver ambiri amakana kulowa popanda zimenezi.

Printa ipite ku rauta, osati ku kompyuta

Tembenuzani printa muone kumbuyo kwake. Kabowo kakang'ono kokhala ngati ka mbali zinayi zofanana ndi ka USB, kameneko kasiyeni. Komwe tikufuna ndi kofanana ndi ka telefoni ya m'nyumba koma kotambalala pang'ono, ka Ethernet. Ngati kalipo, ine ndingakulangizeni chingwe nthawi zonse. Chingwe sichiiwala pasiwedi, sichitsekerezedwa ndi khoma, ndipo chimagwira ntchito mpaka mamita 100. Mbali ina ya chingwecho ilowe ku rauta, kabokosi kogawa intaneti ndi Wi-Fi m'nyumba, pa amodzi mwa mabowo olembedwa LAN. Bowo lolembedwa WAN kapena Internet, lomwe nthawi zambiri limakhala la mtundu wina, si la printa. Mukalowetsa mpaka kumveka kuti "tswi", yang'anani timagetsi tapambali pa bowolo. Tikayaka kapena kuphethira, ziwirizi zamvana.

Ngati printa ndi ya Wi-Fi yokha, lowani mu menyu yake, pezani Network kapena Wireless Setup, sankhani dzina la Wi-Fi ya pakhomo panu n'kulemba pasiwedi. Lembani modekha, chifukwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono zimasiyana, ndipo kasikirini ka printa n'kosavuta kulakwitsapo. Printa yopanda sikirini imagwiritsa ntchito WPS: mumadina batani la Wi-Fi pa printa, kenako la WPS pa rauta pasanathe mphindi ziwiri.

Zinthu zingapo zimaimitsa mutu pano. Maprinta ambiri amamva Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, ya 5 GHz saiona, ndiye ngati dzina la Wi-Fi yanu silikutuluka pamndandanda, onani ngati 2.4 GHz ndi yoyatsa pa rauta. Printa ya zaka zingapo imathanso kulephera ngati chitetezo cha Wi-Fi pa rauta chaikidwa pa WPA3 yokha. Isintheni ikhale pa WPA2, koma musatsikire ku WEP, yomwe inathyoledwa kalekale. Musalumikize printa ku Wi-Fi ya alendo, ija yokhala ndi mawu akuti Guest, chifukwa inapangidwa dala kuti makina a kumeneko asaonane ndi a m'nyumba. Ndipo dzina loyamba ndi DIRECT lomwe mungalione pa foni ndi Wi-Fi ya printa yeniyeniyo, yosadzera ku rauta. Si njira yathu imeneyo.

Kompyuta yakaleyo sikusowa kukhala ndi Wi-Fi. Ikhoza kukhala pa chingwe, printa pa Wi-Fi, bola zonse zikumana pa rauta imodzi.

Adiresi, pomwe pagona nkhani yonse

Printa iliyonse ya pa netiweki imatha kusindikiza tsamba lofotokoza za iyo yokha. Mu menyu limatchedwa Network Configuration, Network Status kapena Network Summary. Pa zopanda sikirini mumakanikiza batani lina kwa masekondi angapo, ndipo kabuku ka printayo kamanena kuti ndi liti. Litulutseni tsambalo. Mupezapo mizere inayi yofunika. IP Address ndiyo adiresi ya printa, mwachitsanzo 192.168.1.104. Subnet Mask m'nyumba zambiri imakhala 255.255.255.0. Default Gateway ndi adiresi ya rauta, monga 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. MAC Address ndi manambala ndi zilembo 12 zomwe printa inabadwa nazo, sizisintha.

Adiresi ikayamba ndi 169.254, kapena ikakhala 0.0.0.0, musapitirire. Zikutanthauza kuti printa inapempha adiresi kwa rauta koma sinayankhidwe. Bwererani ku chingwe kapena ku pasiwedi ija.

Tsopano pa kompyuta, kanikizani batani la chizindikiro cha Windows limodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter. Pa windo lakuda lomwe latseguka lembani ipconfig, Enter. Yerekezani adiresi ya kompyuta ndi ya printa. Manambala atatu oyambirira ayenera kufanana, lomaliza lokha ndilo lisiyane. Kompyuta ikakhala pa 192.168.1.101 printa pa 192.168.1.104, zili pabwalo limodzi. Koma ina ikakhala pa 192.168.0.x ina pa 192.168.1.x, ndiye kuti m'nyumbamo muli marauta awiri, kapena kachipangizo kowonjezera mphamvu ya Wi-Fi kakugawa maadiresi akeake. Zikatero, zonse ziwiri muzilumikize ku rauta imodzi.

Nayi mbali yomwe ambiri amaidumpha. Adiresi yomwe rauta yapereka ndi yobwereka. Njira yogawira maadiresi, yotchedwa DHCP, imabwereketsa nambala kwa nthawi, ndipo rauta ikazima n'kuyakanso ikhoza kugawa mwatsopano malinga ndi yemwe wafika msanga. Ine zinandionekera pa printa yomwe ndinaikira achibale. Inayenda bwino milungu ingapo, kenako tsiku lina magetsi atazima n'kubwera, inangoti ziii. Mapepala asanu ndi limodzi anali pamzere, pansi pa chithunzi cha printa palembedwa Offline, pomwe printayo ili chiyakire, kagetsi kake kobiriwira. Ndinachotsa driver n'kuyikanso kawiri konse, osaphula kanthu. Nditatulutsa tsamba lija m'pamene ndinaona kuti 104 yasanduka 107. Mafoni a m'nyumbamo anali atalowa pa Wi-Fi printa isanamalize kudzuka, ndipo imodzi inatenga nambala yake. Kompyuta inali ikugogoda pakhomo la foni. Chichokereni tsiku limenelo, sindiyika printa ndisanaikhomerere adiresi.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi ya pa rauta. Tsegulani browser, lembani adiresi ya rauta pamwamba polemba maadiresi, lowani ndi dzina ndi pasiwedi zomwe nthawi zambiri zimalembedwa kunsi kwa rautayo. Pezani gawo la DHCP, ndipo m'menemo Address Reservation kapena Static Lease. Mayina amasiyana malinga ndi kampani. Lembani MAC Address ya printa ndi adiresi yomwe mukufuna kuti izilandira nthawi zonse. Sungani, zimitsani printa, iyatseninso. Njirayi ndimaikonda chifukwa rauta imakhala ikudziwa kuti nambalayo ili ndi mwini wake.

Yachiwiri ndi ya pa printa yeniyeniyo. Mu menyu ya TCP/IP kapena IPv4, sinthani kuchoka pa Auto kapena DHCP kupita pa Manual kapena Static, n'kulemba adiresi, Subnet Mask ndi Gateway. Samalani posankha nambala yomaliza. Ikhale pakati pa 2 ndi 254, isakhale ya rauta, ndipo ikhale kunja kwa manambala omwe rauta imagawa. Ngati rauta imagawa kuyambira 100 mpaka 199, sankhani 50. Makina awiri akagwira nambala imodzi, onse amayamba kudukiza, ndipo vuto loterolo limavuta kulitulukira. M'zitsanzo zotsatirazi ndigwiritsa ntchito 192.168.1.50.

Kulemba manambala pa timabatani ta printa kumatopetsa. Maprinta ambiri ali ndi tsamba lawolawo mkati mwake: mukalemba adiresi ya printa mu browser, limatseguka, ndipo zonsezi mumazisintha ndi kiyibodi. Browser yakale ikalikana tsambalo, chitirani pa foni kapena pa laputopu. Muli momwemo, ikani pasiwedi ya woyang'anira, kuti aliyense wolowa pa Wi-Fi yanu asamasinthe zinthu.

Mukatha, bwererani pa windo lakuda lija mulembe ping 192.168.1.50, lamulo loyesera ngati printa ikuyankha. Mizere inayi yoyamba ndi Reply from 192.168.1.50 yokhala ndi nthawi yake ikusonyeza kuti njira ndi yotseguka. Request timed out ikusonyeza kuti palibe yankho. Yang'anitsitsani bwino, chifukwa Windows 7 imatha kulemba Reply from koma adiresi yake ili ya kompyuta yanu yomwe, kumapeto n'kuti Destination host unreachable. Limenelo si yankho la printa. Dzutsani printa ngati yagona, yesaninso. Ping isanayende, musayike driver iliyonse, mungotaya nthawi.

Kupeza driver

Driver ndi womasulira. Imatenga zomwe zili pa sikirini n'kuzisandutsa chinenero chomwe printa imamva. Ngati printa ndi ya msinkhu umodzi ndi kompyuta, CD yomwe inabwera nayo ikukwanira. Ngati ndi yatsopano, pitani pa tsamba la kampani yomwe inaipanga, kaya ndi HP, Canon, Epson kapena Brother, mulembe dzina lonse la printayo monga lalembedwera kutsogolo kwake.

Kompyuta yakale mwina ilephera kutsegula masamba amenewa. Internet Explorer 8, yomwe ndi yomaliza pa XP, sidziwa njira yachitetezo ya TLS 1.2 yomwe masamba ambiri amafuna lero. Dawunilodani pa makina ena n'kusamutsa pa flashi. Potero kumbukirani kuti tsambalo limangoganiza kuti mukufuna driver ya makina omwe mukugwiritsa ntchitowo, choncho musinthe nokha pomwe pali dzina la Windows, musankhe zomwe munalemba pakapepala kaja. Pakakhala mitundu iwiri, tengani yaing'ono, yolembedwa Basic Driver kapena Driver Only. Yaikuluyo imabwera ndi mapulogalamu ambirimbiri omwe amalemetsa kompyuta ya RAM yochepa.

Ndikupempheni chinthu chimodzi: musatenge driver pa masamba achilendo, ndipo musayike timapulogalamu tolonjeza kuti tikusakirani madriver onse. Microsoft inasiya kutumiza zigamba zachitetezo za XP pa 8 April 2014 ndi za Windows 7 pa 14 January 2020. Kompyuta yotereyi ili ngati nyumba yopanda mlonda, ndipo driver imalowa mpaka kuchipinda kwenikweni kwa Windows. Musalowetse mlendo yemwe simukumudziwa.

Fayilo ikakhala ya zip, itsanulireni mu foda yomwe muikumbukire. Ikakhala ya exe, nthawi zambiri imadzitsanula yokha mu foda ina isanayambe kuyika, ndipo pulogalamu yaulere ya 7-Zip imatha kutsegula ambiri mwa mafayilo otere. Chomwe tikufuna m'katimo ndi fayilo yothera ndi inf. Windows 7 ikakana driver n'kunena kuti sikutha kutsimikizira yemwe anaisainira, kawirikawiri imakhala ikusowa chigamba cha KB4474419 cha mu 2019, chomwe chimaiphunzitsa kuwerenga masaini a SHA-2. Chimapezeka pa Microsoft Update Catalog.

Nanga kampani ikakhala kuti sinapange driver ya Windows yanu? Musagonje msanga. Onani m'kabuku ka printa ngati imamva PCL 5, PCL 6 kapena PostScript. Izi ndi zinenero zakale: PCL ndi ya HP, PostScript ndi ya Adobe, zonse zinayamba m'ma 1980, ndipo maprinta ambiri a laser, makamaka a muofesi, amazimvabe. Printa yomva PCL 5 imatha kusindikiza ndi driver ya HP LaserJet 4, yomwe ili kale pamndandanda wa XP. Muluza zina, monga mitundu ndi zosankha zapadera za printayo, koma kalata ituluka yoyera bwino. Makampani ena alinso ndi driver imodzi ya maprinta awo ambiri, yotchedwa Universal, ndipo zotulutsidwa m'mbuyomu zimalowa pa Windows zakale.

Pali maprinta ena omwe njirayi sigwira. Ambiri a inki ndi a laser ang'onoang'ono otsika mtengo alibe chinenero chotere. Ntchito yonse yokonza tsamba imachitikira mu kompyuta, ndipo amamva driver yawo yokha. M'kabuku amalembedwa kuti Host-based kapena GDI. Pa amenewa, driver ya printa ina imangotulutsa zinyalala kapena osatulutsa kanthu. Ngati yanu ndi yotere ndipo driver kulibe, dumphirani ku ndime ya Linux kumapetoku.

Kuyika pa Windows 7

Dinani Start, Devices and Printers, kenako Add a printer. Pabwera zosankha ziwiri, ndipo apa ndikuuzani chinthu chooneka chokhota: sankhani Add a local printer, ngakhale printa yanu ili pa netiweki. Chifukwa chake n'chakuti kwa Windows, printa ya local ndi yomwe kompyutayo ikuiyendetsa yokha, popanda kudalira kompyuta ina kapena kufufuza. Ndi zomwe tikufunazo.

Sankhani Create a new port, ndipo pa kamndandanda ka pambali pake musankhe Standard TCP/IP Port. Dinani Next. Pa Hostname or IP address lembani 192.168.1.50, osaiwala kadontho ngakhale kamodzi. Dzina la port, lomwe ndi khomo lodzera deta popita ku printa, lidzilemba lokha, lisiyeni. Chotsani kachizindikiro kochonga pa mzere woyamba ndi Query the printer, kuti driver musankhe nokha. Dinani Next mudikire. Kompyuta yakale imatha kukhala mphindi yathunthu pamenepa.

Ikabweretsa windo lopempha zambiri za port, sizinalakwike. Sankhani Custom, dinani Settings, onetsetsani kuti Protocol ili pa Raw ndipo Port Number ndi 9100. Nambala imeneyi inachokera ku makadi a JetDirect a HP, ndipo maprinta ambiri a makampani ena anaitengera. Ndi khomo losavuta: kompyuta imathira deta, printa imasindikiza. Printa zina ndi tizipangizo tina timafuna LPR, ya pa port 515, yomwe imafunsanso Queue Name. Dzinalo musalipeke, litengeni m'kabuku.

Pa windo la madriver dinani Have Disk, Browse, pitani ku foda ija, sankhani fayilo ya inf, OK. Sankhani dzina la printa yanu pamndandanda womwe watuluka. Ipatseni dzina losavuta, sankhani Do not share this printer, kenako Print a test page.

Pa XP

Njira ndi yomweyo, mawu okha ndiwo asiyana. Start, Printers and Faxes, Add a printer, Next. Sankhani Local printer attached to this computer, ndipo chotsani kochonga pa Automatically detect and install my Plug and Play printer, apo ayi iyamba kufufuza pa USB. Create a new port, Standard TCP/IP Port, lembani adiresi, malizani, kenako Have Disk. XP ikachenjeza kuti driver sinayesedwe ndi Windows Logo, dinani Continue Anyway pokhapokha ngati munaitenga ku kampani yeniyeni.

Tsamba loyesera latuluka, kapena ayi

Likatuluka, chitaninso kanthu kamodzi musanakhale pansi. Dinani batani lakumanja pa printa, Printing preferences, muone kukula kwa pepala. Madriver ambiri amabwera ali pa Letter, ya mainchi 8.5 ndi 11, pomwe m'thireyi mwina muli A4, ya mamilimita 210 ndi 297. Zikasiyana, printa imaima n'kumapempha pepala lomwe mulibe, kapena imadula mzere wa m'munsi. Zifananitseni pa driver, pa printa, ndi mu pulogalamu yomwe mumalembera.

Ngati munagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani poyika, tsegulani Printer properties, pitani pa Ports, muone port yomwe yachongedwa. Ikayamba ndi WSD, ndiye kuti Windows ikudalira kufufuza kuja, ndipo port zimenezi zimakonda kutaya printa ikagona. Dinani Add Port, Standard TCP/IP Port, lembani adiresi, musamukire kumeneko. Driver ikhala yomweyo.

Printa ikalembedwa Offline pomwe ping ikuyenda, yambani ndi chophweka. Tsegulani mzere wa zodikira kusindikizidwa, dinani Printer pamwamba, muone ngati Use Printer Offline yachongedwa, muichotse. Zikapanda kusintha, pitani ku Ports, Configure Port, chotsani kochonga pa SNMP Status Enabled. Windows imagwiritsa ntchito SNMP kufunsa printa kuti ili bwanji, ndipo printa ikapanda kuyankha funsolo, Windows imaitenga ngati yazima ngakhale khomo la 9100 lili lotseguka. Kabokosi kamodzi kameneka kachiritsa maprinta ambiri omwe eni ake ankati afa.

Ntchito ikakakamira pamzere, osasindikizika komanso osafufutika, zina zonse zimaima kumbuyo kwake. Dinani batani la Windows ndi R, lembani services.msc, pezani Print Spooler, dinani Stop. Tsegulani foda ya C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, fufutani mafayilo omwe ali m'katimo, koma foda yeniyeniyo muisiye. Bwererani mudine Start pa Print Spooler.

Printa ikayamba kulavula mapepala motsatizana, lililonse lili ndi mzere umodzi kapena iwiri ya zizindikiro zosamveka pamwamba, sololani thireyi ya mapepala msanga, zimitsani printa, fufutani ntchitoyo pa kompyuta musanaiyatsenso. Driver ikulankhula chinenero chomwe printa siimva. Ngati munayesa PostScript, yesani PCL.

Dziwaninso kuti port ya TCP/IP ndi yosindikizira basi. Ngati makina anu amajambulanso mapepala, sikana yake siyenda pa njira imeneyi. Imafuna pulogalamu yonse ya kampani, kapena mujambule kudzera pa tsamba la mkati mwa printa ngati lili ndi mwayi umenewo, kapena pa flashi yolowetsa kutsogolo kwa makinawo.

Printa ya USB yokha

Printa yopanda Ethernet ndi Wi-Fi ikhozabe kukwera pa netiweki. Pali tizipangizo tating'ono totchedwa print server, tokhala ndi bowo la USB mbali ina ndi la Ethernet mbali ina, ndipo marauta ena ali ndi bowo la USB lomwe limagwira ntchito yomweyo. Adiresi yomwe mulembe pa port ndi ya kachipangizoko kapena ya rauta. Musanagule, onani mndandanda wa maprinta omwe kamagwirizana nawo, chifukwa a Host-based aja ambiri amakana.

Njira ina yomwe anthu amathamangira ndi yolumikiza printa ku kompyuta imodzi n'kuigawira zina ndi Share. Pakati pa kompyuta yakale ndi yatsopano, sindikulangizani. Kompyuta yogawayo iyenera kukhala yoyaka nthawi zonse. XP imagawa zinthu pa njira ya SMB1 yokha, yomwe ndi yomwe kachilombo ka WannaCry kanalowera mu May 2017, ndipo kuyambira kumapeto kwa chaka chomwecho Windows 10 inayamba kubwera njirayi ili yochotsedwa kapena yodzizimitsa yokha. Kuiyatsanso n'kutsegula khomo lomwe linatsekedwa pa chifukwa chomveka. Zigamba za mu 2021 zokonza vuto la PrintNightmare zinawonjezera zokhoma zina, ndipo ambiri anayamba kuona uthenga wa 0x0000011b polumikiza ku printa yogawidwa. Kulunjika ku adiresi ya printa kumalambalala zonsezi.

Ngati driver ya Windows yanu kulibiretu, Linux yopepuka monga Lubuntu kapena Linux Mint ya Xfce imatha kuukitsa kompyuta yakale ya 64-bit. Kumeneko kusindikiza kumayendetsedwa ndi CUPS, yomwe mumaitsegula polemba localhost:631 mu browser. Printa yomva AirPrint kapena IPP Everywhere imagwira popanda driver ya kampani, ndipo adiresi yake imalembedwa ipp://192.168.1.50/ipp/print. Ya Raw ija imalembedwa socket://192.168.1.50:9100. Mukhoza kuyesa kaye poyatsira Linux pa flashi, osakhudza zomwe zili pa hard disk.

Ichotseni pa intaneti, printa ikhale

Kompyuta yomwe silandiranso zigamba siyenera kumayendayenda pa intaneti, koma kuti isindikize ikufunika rauta. Ziwirizi zimatheka limodzi. Makina a pabwalo limodzi amalankhulana mwachindunji. Gateway imafunika pokhapokha potuluka kunja. Mukaibisira kompyuta Gateway, izisindikiza koma kunja siituluka.

Pa Windows 7 pitani ku Control Panel, Network and Sharing Center, Change adapter settings. Pa XP ndi Network Connections. Dinani batani lakumanja pa Local Area Connection, kapena pa Wireless Network Connection ngati ili pa Wi-Fi, sankhani Properties. Pa 7 chotsani kochonga pa Internet Protocol Version 6, chifukwa marauta ena amapereka njira yakunja kudzera kumeneko. Kenako tsegulani Internet Protocol Version 4, yomwe pa XP imangotchedwa Internet Protocol, musankhe Use the following IP address. Lembani nambala ina yomwe ili kunja kwa zogawidwa ndi rauta, monga 192.168.1.60, Subnet mask 255.255.255.0, ndipo pa Default gateway ndi pa DNS musalembe kanthu. Dinani OK.

Yesani ping 192.168.1.50, iyankhe. Tsegulani browser muyese tsamba lililonse la kunja, likane. Sindikizani tsamba limodzi kuti mutsimikize. Kenako dulani kapepala, lembanipo adiresi ya printa, ya kompyuta ndi ya rauta, komanso dzina la driver yomwe yagwira, mukamate ndi selotepi pambali pa printa. Foda ya driver ija ikopereni pa flashi muisunge m'bokosi limodzi ndi kabuku ka printa, chifukwa makampani amachotsa madriver akale pa masamba awo, ndipo tsiku lomwe mudzagule rauta ina mudzafunika manambala omwewo kuti musinthe pa Configure Port.